Ndapeza mwana wa mlongo wanga akugona pakhonde lomwe ndimalondera ku Limbe, ndichite bwanji?

Mlonda wa ku Limbe analemba mu Juni 2025:

Moni nonse a m'gulu muno. Ndakhala ndikungowerenga osalembapo kanthu, koma lero zandikulira, ndiye ndati ndifunse.

Ine ndine mlonda. Ndimagwira usiku pashopu ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi. Ndimalowa 6 koloko madzulo, kuweruka 6 koloko m'mawa. Amene munayendapo mu Limbe usiku mukudziwa kuti mashopu akatsekedwa makhonde sakhala opanda anthu. Cha m'ma 10 amayamba kufika mmodzimmodzi, wina wanyamula katoni, wina chisaka, wina wangopisa manja m'malaya. Nthawi yomwe ndinkayamba ntchito pakhonde langa pankagona anthu awiri okha, bambo wina wodwala mutu ndi gogo wina wopemphetsa. Panopa usiku wina ndimawerenga anthu 12, wina 15, ndipo ambiri mitu yawo ndi yabwinobwino. Ndi anyamata onyamula katundu mumsika, amayi obwera ndi masamba kuchokera ku Bvumbwe omwe ya minibasi yobwerera yawachepera, komanso ana.

Abwana anandilamula kuti madzulo aliwonse ndizithira madzi pakhondepo kuti pasagone munthu. Amati anthuwo amakodzapo ndipo akuba amabisala pakati pawo. Fungo limakhalapodi m'mawa, sindingawanamizire. Koma Juni uno, chiperoni chikuwomba chonchi, kuti ndithire madzi pasimenti pomwe mwana akufuna kugona, dzanja langa limakana. Ndiye tinapangana ndi ogonawo kuti azifika 11 itakwana, azichoka 4 isanakwane, azisesa okha, ine n'kuthira madzi iwo atapita.

Lachiwiri lapitali cha m'ma 2 usiku ndinamva wina akutsokomola kwambiri kumapeto kwa khonde, pafupi ndi geti. Ndinapitapo ndi tochi. Anali atalowetsa thupi m'chisaka, mutu ataphimba ndi malaya, mapazi okha ndiwo anali kunja. Nditawalitsa ndinaona chala chachikulu cha kumanzere chopanda chikhadabo. Chala chimenecho ndimachidziwa, chifukwa ndine ndinamukweza panjinga kupita naye kuchipatala tsiku lomwe anadzitema ndi khasu ali ndi zaka 7. Ndi mwana wa mlongo wanga, wachisamba. Ali ndi zaka 15. Ine ndinkadziwa kuti ali kumudzi ku Phalombe, ali Sitandade 8.

Atatsegula maso n'kundizindikira anafuna kuthawa, ndinamugwira mkono. Mawu ake oyamba anali akuti, "Amalume, musawauze amayi." Akuti watha milungu isanu mu Limbe, akunyamula katundu ndi kutola mabotolo. Ankagona kuseri kwa msika, tsiku limenelo anzake ndiwo anamubweretsa kuno, iye osadziwa kuti khondelo ndi la malume ake. Mayeso a Sitandade 8 sanalembe. Anachoka kutatsala masiku ochepa.

Kuti mumvetse ndifotokoze za kumudzi. Kwathu ndi kwa Nkhulambe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatsitsa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri, munda wa mlongo wanga wa kumunsi unakwiririka ndi mchenga, mpaka lero muli miyala ina yotalika kufika m'chiuno. Nyumba inagwa mbali imodzi, anakhala pakampu pasukulu miyezi iwiri. Alamu anga anawoloka kupita cha ku Milange kukafuna ganyu, anatumiza chimanga kawiri, kenako zii. Mlongo wanga watsala ndi ana anayi komanso mayi athu okalamba omwe sangagwirenso khasu.

Chomwe chinkawagwira m'mbuyomu ndi fetereza wotsika mtengo wa boma, wa pulogalamu ya AIP. Mu 2020 anagula matumba awiri pa K4,495 lililonse, anakolola matumba 18, nanenso ananditumizirako atatu. Dzina lake linatulukanso mu 2021 ndi mu 2022. Chaka cha Freddy chomwecho, pamene ankafunikira thandizo kuposa kale, dzina silinatuluke. Amfumu anati chiwerengero chadulidwa kuchokera kumtunda, iwo alibe chonena. Chaka chatha chimodzimodzi. Wa m'shopu anadutsa K100,000 thumba limodzi, akanamugula ndi chiyani? Anadzala popanda fetereza pakamunda kotsalako, ng'amba ya 2024 n'kubweranso, anapeza matumba awiri ndi theka. Chaka chino atatu. Mwanayu akuti ankadya kamodzi madzulo, masiku ena maungu okha, ndipo ankaona amayi ake akunamizira kukhuta kuti ang'ono ake adye. Anakwera lole ya mavenda a mbatata osatsanzika.

Tsono ine kuno ndimakhala ku Bangwe, nyumba ya zipinda ziwiri, lendi K35,000. Malipiro anga ndi K90,000. Ana anga ndi atatu, ndipo tikusunga kale mng'ono wa akazi anga. Mayi a kunyumba amagulitsa zitumbuwa, koma mafuta ophikira mukudziwa pomwe afika. Mu Febuluwale thumba la chimanga ndinagula K85,000, pafupifupi malipiro onse. Alandilodi amawerenga mitu chifukwa cha madzi ndi chimbudzi. Panopa mwanayu ndamubweretsa kunyumba, akugona pamphasa pabalaza, koma ndikatchula za kumudzi amangoti, "Ndikadya chiyani?"

Ine ndine mwini mbumba. Kwathu mwana akasowa, anthu amafunsa malume. Ndiye ndithandizeni nzeru. Kodi dzina likachotsedwa pa AIP pali kokadandaula? Mtukula Pakhomo amalowamo bwanji, poti kumudzi timangomva kuti akuti ndi akuti akulandira? Nanga mwanayu, ndimukakamize kubwerera kapena ndimusunge ngakhale pogona n'pochepa?

Mlangizi Wopuma, Zomba anayankha:

Pepani kwambiri achimwene. Ine ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zoposa 30, ndipo zomwe amfumu anawauza achemwaliwo n'zoona. Iwo sanalakwe chilichonse ndipo mwina palibe anawachitira kaduka. AIP itayamba mu 2020 inkafikira mabanja pafupifupi 3.7 miliyoni. Pofika 2022 anatsitsa kufika pa 2.5 miliyoni, mu 2023 pa 1.5 miliyoni, ndipo mu 2024 anangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Kutanthauza kuti mwa mabanja 10 aliwonse omwe ankagula mu 2020, asanu ndi awiri anachotsedwa. Mtengo nawo unachoka pa K4,495 kupita pa K7,500, kenako K15,000.

Maganizo omwe ankanenedwa anali akuti fetereza azipita kwa alimi omwe ali ndi malo komanso mphamvu zolima, pomwe osaukitsitsa aziwathandiza kudzera mu Mtukula Pakhomo ndi ntchito zachitukuko zolipidwa. Pakamwa zimamveka bwino. Vuto ndi lakuti Mtukula Pakhomo, chiyambireni ku Mchinji mu 2006, amatenga pafupifupi banja limodzi mwa mabanja 10 m'boma lililonse, ndipo ndalama zake zambiri n'zochokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland. Anthu mamiliyoni anatulutsidwa khomo lina, khomo linalo silinakulitsidwe. Achemwali anuwo ali pakati pamenepo, ndipo ndawaona ambiri otero.

Koma musataye mtima, chifukwa monga mwafotokozeramu banja lawo likuoneka kuti likukwanira. Mtukula Pakhomo amayang'ana zinthu ziwiri: banja likhale losaukitsitsa, komanso likhale lopanda ogwira ntchito okwanira. Ngati munthu wamphamvu ali mmodzi ndipo akusamalira anthu oposa atatu, amawerengedwa. Iwowo ali okha ndi ana anayi komanso gogo, ndiye kuti akusamalira asanu. Chofunika n'chakuti banja lawo likhale m'kaundula wa boma wotchedwa UBR, ndipo zolembedwazo zikhale za panopa. Mwina analembedwa alamu anu akadalipo, munda usanakwiririke, ndiye pakompyuta akuonekabe ngati banja lopezako bwino. Apite kwa a komiti ya m'dera yoona za Mtukula Pakhomo ndi kwa a komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), afotokoze kuti zinthu zinasintha, ndipo ngati angathe akafike ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu kukhonsolo. Ndisakunamizeni, salowetsa munthu tsiku lililonse, amadikira nthawi yolembanso. Koma dzina likhale kuti lamveka. Afunsenso za Mbwezera Chilengedwe, ntchito zija zokumba migula ndi kudzala mitengo, zimapatsako kangachepe.

Chinanso, muwafunse ngati chitupa chawo cha unzika chikugwirabe ntchito. Ambiri analembetsa mu 2017, zitupa zina zinatha masiku, ndipo zonsezi zimayendera chitupa.

Za kumunda, akaonane ndi mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lawo (EPA) awaphunzitse kupanga manyowa a Mbeya. Amasakaniza gaga, phulusa, ndowe zouma za ziweto ndi fetereza wochepa, kuwaza madzi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati n'kudikira masiku 21. Ndi makilogalamu 10 okha a fetereza munthu amatulutsa thumba lathunthu. Safanana ndendende ndi wa m'shopu koma kusiyana ndi kudzala popanda kanthu n'kwakukulu. Mukawatumizira ya makilogalamu 10 kapena 20 mwezi wa Okutobala mudzakhala mwawathandiza kuposa kuwatumizira ufa mu Januwale. Kumunda kwa mchengako asakakamire chimanga, ayesemo mbatata.

Nabanda wa ku Mtandire anayankha:

Achimwene, ndawerenga mpaka pa chala chija ndinayamba ndaika foni pansi. Zikomo kuti simumathira madziwo.

Ine ndiyankha za mwanayo, chifukwa kugona panja ndakulawa chaka chomwechino. Ndinkagwira pachipatala china chaching'ono kuno ku Lilongwe, pansi pa bungwe lothandizidwa ndi ndalama za ku America. Ntchito yanga inali kulondola amayi omwe asiya kubwera kudzatenga ma ARV, kuwapeza kunyumba, kucheza nawo, kubwera nawo. Pa 20 Januwale 2025 mtsogoleri wa America Donald Trump anasaina zoimitsa thandizo lakunja kwa masiku 90. Patangopita masiku ochepa tinalandira uthenga pa WhatsApp kuti mawa musabwere kuntchito mpaka mudzauzidwe. Sitinauzidwenso. Lendi inadumpha mwezi umodzi, wachiwiri, ndipo tsiku lina ndikubwera kotunga madzi ndinapeza alandilodi azula chitseko, achitsamiritsa kunyumba kwawo. Nyumba yopanda chitseko ku Mtandire ungagonemo ndi ana aakazi? Ana ndinawatumiza kwa agogo awo ku Dowa, katundu ndinasungitsa kwa anzanga. Ineyo ndinagona masiku 9 kuchitando cha chipatala china chachikulu, pakati pa odikirira odwala, poti kumeneko palibe amakufunsa kuti wodwala wako ali wodi iti. Usiku wachitatu ndinazindikira kuti sindili ndekha. Mayi yemwe ankayala chitenje pafupi nane analibenso wodwala, ndipo tinkadziwana osauzana. Anandichotsako ndi mayi wina wa kumvano yemwe anandipatsa kachipinda kosungira makala. Panopa ndikugulitsa tomato.

Ndiye chonde mwanayo musamukweze basi mokakamiza. Akafika akapeza mbale zomwe anazithawa zija zili chimodzimodzi, sabata siitha adzabweranso, ndipo ulendo uno adzaonetsetsa kuti asagone pomwe inu mungamupeze. Milungu isanu ndi yochepa, akadali mwana wa pakhomo. Akatha miyezi itatu kapena inayi mumsewu amazolowera ndalama ya m'manja, akuluakulu awo a kumeneko amayamba kumutuma, kenako chamba, ndiye kumubweza kumavuta. Musamukalipirenso kwambiri za mayesowo, iye mwini zikumupweteka kale.

Chifuwacho mupite naye mawa lomwe kuchipatala cha boma akamuyeze TB, kuyeza ndi mankhwala ake n'zaulere. Ana ogona mothithikana pozizira amapatsirana msanga, ndipo kwanuko akugona ndi ana anu.

Ku Blantyre kuli a Chisomo Children's Club ndi a Samaritan Trust, ntchito yawo ndi ya ana a m'misewu, amathandiza kuwabwezera kusukulu ndi kulumikizana ndi makolo. Palinso nambala yaulere ya 116 ya nkhani za ana. Enawo otsala pakhonde lanu muwauze kuti lamulo lija la vakabu, lomanga munthu pongomupeza usiku n'kumuganizira zoipa, bwalo lalikulu linaligamula mu 2017 kuti likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Kusowa pogona si mlandu, ngakhale ambiri amathamangitsidwabe osadziwa zimenezi.

Amayi ake muwauze lero. Ine ndine mayi, ndikudziwa kuti sakugona.

Wa Maakaunti anayankha:

Akulu, ndakumverani chisoni ndipo malangizo a anzangawa ndi abwino. Koma ndinene zina zomwe mwina simuzikonda. AIP ya mabanja 3.7 miliyoni boma silikanaipitiriza, kaya pampando pakanakhala ndani. Fetereza yense timagula kunja ndi madola, madola omwewo akufunika pa mafuta ndi mankhwala. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wake unakwera padziko lonse, kwacha n'kuchepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu bajeti ya 2025 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linangopita ku chiwongoladzanja cha ngongole, tisanagule ndi panado yemwe. Pulogalamu ya ngongole ya bungwe la IMF ya madola 175 miliyoni yomwe inavomerezedwa mu Novembala 2023 inatha mu Meyi 2025 titangolandirako 35 miliyoni. Komanso tisabise, makuponi ambiri ankathera kwa mavenda, osauka ankagulitsa mwayi wawo kuti agule chakudya cha tsikulo.

Chomwe chimandipweteka ine ndi pomwe mpeni unadutsa. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni za fetereza zinaperekedwa ku kampani ya ku UK yomwe inapezeka kuti ndi yogulitsa nyama, mpaka nduna inachotsedwa. Mu 2013 Cashgate inachititsa kuti abwenzi akunja asiye kuthandiza bajeti yathu mwachindunji, ndipo amene anavutika ndi odwala m'zipatala. Mu Novembala 2023 maulendo akunja a akuluakulu a boma anaimitsidwa, koma kwa miyezi yochepa chabe, pomwe mayina a alimi anachotsedwa osabwereranso. Nthawi ya chisankho aliyense amalonjeza fetereza wotchipa. Tiziwafunsa kuti madola ake atenga kuti, ndipo ochotsedwawo awaika pati.

Mlonda wa ku Limbe anayankha:

A Maakaunti, ndamva ndipo sindikutsutsa. Za bajeti ine sindinaphunzire. Koma ndalama zomwe boma linapulumutsa pa matumba awiri a mlongo wanga aja, pali munthu akuzilipira, ndipo munthuyo ndikumudziwa. Mwezi uliwonse ndimatumiza K15,000 pa Airtel Money, kuchotsa pa ndiwo za ana anga. Mayi athu alipira ndi thupi lawo, chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno. Mwanayu walipira ndi mayeso ake. Abwana anga akulipira ndi khonde lawo, ngakhale iwo amaona ngati vuto ndi mkodzo. Mukati silikanapitiriza ndikuvomera, koma wina akanabwera kumudzi chaka chisanafike n'kunena kuti chaka chamawa simulandira, konzekerani motere. Mlongo wanga anakamva kubwalo la amfumu mwezi wa Okutobala, mizere atapanga kale.

Anaphiri ku Leicester anayankha:

Achimwene, moni kuchokera kuno ku England. Ndimagwira usiku ngati inu, kunyumba yosamalira okalamba. Ndikaweruka 8 koloko m'mawa ndimadutsa m'tauni kukakwera basi, ndipo pazitseko za mashopu pamakhala anthu atagona pamakatoni, chimodzimodzi zomwe mukunenazo, kungoti kuno chisanu chake chimapha. Nditangofika sindinkakhulupirira kuti azungu angagone panja m'dziko lawo.

Anzanga a kuntchito omwe anabadwira konkuno amati zinakula kuyambira 2010, boma la David Cameron litayamba kudula ndalama. Makhonsolo analandidwa zambiri, malo ochezera achinyamata ndi othandizira mabanja anatsekedwa, thandizo la lendi linachepa pomwe lendi ikukwera. Kuno amawerenga ogona panja usiku umodzi pachaka. Mu 2010 anapeza 1,768 mu England, mu 2017 anapeza 4,751. Bungwe la Trussell Trust linagawa maphukusi a chakudya oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo ena omwe amaima pamzere wolandira chakudya chaulere ku food bank ndi anthu apantchito. Ife obwera ndi visa ya ntchito sitiloledwa n'komwe kulandira thandizo la boma. Mnzanga wina wa ku Ntcheu kampani yake italandidwa chilolezo anapatsidwa masiku 60 kuti apeze ina, nyumba inamuthera, anagona pasofa panga miyezi itatu.

Ndipo kudula kwa kuno kumafika mpaka kwanuko. Thandizo lomwe UK imapereka kumaiko osauka linatsitsidwa mu 2021 kuchoka pa 0.7 peresenti ya chuma chawo kufika pa 0.5, ndipo mu Febuluwale 2025 nduna yaikulu Keir Starmer analengeza kuti lifika pa 0.3 kuti ndalamazo zipite ku zachitetezo. Tsiku lomwe ndinamva pawailesi ndinaganiza za chipatala cha kwathu ku Dedza.

Ine ndikusamalira mabanja atatu kumudzi, ndiye zambiri sindingathe. Koma ngati mwanayo avomera kubwereza Sitandade 8, yunifolomu, makope ndi nsapato ndigula ndine. Mundilembere kumbali. Mumuuze kuti azakhali ena akutali amva za iye ndipo akufuna alembe mayesowo.

Mlonda wa ku Limbe anayankha:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera kuti ndikuuzeni pomwe tafika.

A Nabanda, ndinapita naye kuchipatala nditangoweruka. TB sanamupeze nayo, akuti ndi chibayo. Mankhwala ena anatipatsa, ena anatilembera kuti tikagule poti anatha, ndinalipira K6,500. Kutsokomola kwayamba kuchepa. Mlongo wanga ndinamuimbira kudzera pafoni ya oyandikana nawo. Analira mpaka mayunitsi anatha. Iye ankaganiza kuti mwanayu anawoloka kukafuna bambo ake ku Mozambique, ndipo anali atapita kale kawiri kumalire wapansi kukafunsa. Ine sanandiuze poopa kundiwonjezera mavuto.

A Mlangizi, munalasa. Chitupa chake chinatha masiku, iye osadziwa. Mwezi ukatha ndimutumizira ya thiransipoti kuti akakonzetse, ndipo kwa a komiti wapita kale, alemba dzina lake m'kope. Za Mbeya akuti pali gulu la amayi mudzi woyandikana nawo lomwe limapanga, akalowa nawo.

Kunyumba ndinkaopa kuyambitsa nkhaniyi, koma mayi a ana ndiwo anayamba. Anati, "Bambo a Mphatso, mwana wa mbumba yanu sangagone pakhonde ife tili ndi denga. Tizidya phala tonse." Alandilodi awonjezera K5,000 pa lendi. Mwanayu wavomera kubwereza Sitandade 8 konkuno sukulu zikatsegulira mu Seputembala, ndipo Anaphiri, uthenga wanu nditamuwerengera anatuluka panja osayankha, anabwera maso atafiira. Ndikulemberani. Panopa akuthandiza kugulitsa zitumbuwa. Mtima wanga uli pa mlongo wake wa zaka 12 yemwe watsala kumudzi, poti anthu ayamba kale kumufunsira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre kuno.

Pakhonde paja pali kamnyamata kena ka ku Chiradzulu, sikangapose zaka 10, ndiko kankagona naye msana ndi msana kuti afundane. Usiku uliwonse kamandifunsa kuti mnzanga uja abwera liti. Ndinakapatsa chisaka chake chija kuti kaziphatikiza ndi chake. Ndaimba 116 za iko, andiuza kuti ndiyesetse kudziwa dzina la mudzi wake ndi la amfumu, koma kakadandiopa, kamangoti kwathu n'kutali. Usiku wathawu anagona anthu 14, anayi mwa iwo ndi ana. Ngati alipo ku Blantyre kuno ali ndi bulangete lakale kapena juzi yomwe ana ake anaikula, ngakhale yong'ambika, mundilembere kumbali, ndidzatenga ndekha ndikaweruka. Kuzizira kukadalipo mpaka Ogasiti.